Mapanga Awiri ku Tlokweng

Kontirola yathu yachiwiri inali yakuda, yokulungidwa tepi yofiira pamene chingwe chimalowera, ndipo batani lake limodzi linkati likamira silinkabwerera mpaka ulitokose ndi chikhadabo. Imeneyo inali ya amalume. Yabwinoyo anandisiyira ine, ati poti dzanja lawo ndi kontirola yodwalayo zinkamvana.

Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Tlokweng, pafupi ndi Gaborone, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni malo. Mayi anali namwino pa kiliniki ina m'tauni. Amalume, mlongo wawo wamng'ono, anabwera ku Botswana kudzamanga nyumba za anthu, ndipo tinkangowaona Lamlungu kutchalitchi. Tsiku lina chitsulo chinawagwera padzanja lamanja ali pantchito. Bala linapola, koma zala ziwiri zapakati zinauma, osapindika. Tchuthi cha nyengo yozizira chitangoyamba, anabwera ndi chikwama chimodzi n'kuyala matiresi pabalaza pathu.

Kuzizira kwa ku Gaborone n'kouma. Milomo imang'ambika, miyendo imatuwa ngakhale udzole bwanji, ndipo m'mawa madzi a pampopi wa panja amaluma ngati ali ndi mano. Mayi akapita kuntchito, ife awiri tinkakokera mipando pafupi ndi hita ya mawaya ofiira, yomwe inkanunkha fumbi lopserera, n'kuyatsa makina a magemu amene mnzawo wa mayi wa kuntchito anatipatsa. Magemu ena onse anali okalika. Imene inkagwira inali imodzi yokha, ya nkhonya ndi mateche.

Gemuyo ikayamba, sikirini yonse inkadzaza ndi nkhope za omenya, aliyense m'kabokosi kake, ndipo umasankha amene ukufuna akumenyere nkhondo. Ine ndinkawafuna onse. Ndikaluza ndi wa lupanga, ndinkathawira kwa woponya moto. Ndikaluzanso, ndinkatenga nkhalamba ya ndodo. Mabatani ndinkangowasinja onse pamodzi ngati ndikukonola chimanga, ndipo nthawi zina zinthu zokongola zinkachitika pa sikirini zimene sindikanatha kuzibwereza.

Amalume sankasintha. Tsiku ndi tsiku ankatenga chimphona china cha mimba yaikulu, choyenda ngati chanyamula thumba la simenti. Chinalibe zambiri: kutchinga, kuyandikira pang'onopang'ono, kukugwira, kukunyamula, kukumenyetsa pansi. Ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala chokha, amalume ankandigwetsa mpaka ndinkafuna kulira.

"Lero ndiwe ndani?" ankandifunsa choncho ndikamayendetsa kabokosi uku ndi uku. Ndinkawayankha m'Chingerezi kapena m'Chitswana, monga tinkachitira ana obadwira kuno, iwo n'kumapitiriza Chichewa chawo ngati sanamve. "Mapanga awiri avumbwitsa. Nanga iwe uli ndi mapanga sikirini yonse, mvula idzakusiya?"

Pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi a kuno, panali shopu ya magemu, ya ma TV angapo ndi mabenchi. Tsiku lina tikuchokera kogula buledi tinaona atamata chikalata pachitseko: kudzakhala mpikisano wa gemu yathu yomweyo, wa ana, Loweruka lomaliza la tchuthi. Ndinaima pamenepo mpaka buledi anazizira. Madzulo ndinapempha mayi. Anayang'ana amalume, amalume anayang'ana dzanja lawo.

"Achemwali, muloleni," anatero. "Koma asankhe mmodzi. Mmodzi basi, mpaka tsikulo."

Ndinati ndiye nditenga chimphona chawocho, poti ndicho chinkapambana. Anakana. "Ameneyu ndinamusankha chifukwa cha dzanjali. Iwe zala zako zonse n'zamoyo. Peza wako." Ndinayesa angapo masiku awiri kapena atatu, mpaka ndinakhazikika pa mayi wina wochepa thupi, wa nsapato zoyera, wothamanga, amene nkhondo yake yonse inali ya mateche.

Masabata otsatirawo anali otopetsa, ndisaname. Panopa ndikaona ana akudandaula kuti kubwereza chinthu chimodzi n'kogwetsa ulesi, ndimawamvetsa, chifukwa inenso ndinkayang'ana mabokosi ena aja ngati mwana woyang'ana maswiti a m'shopu. Amalume ankaimitsa chimphona chawo pakati pa bwalo n'kunena kuti, "Menya theche lapansi lija. Bwereza. Bwerezanso. Waona pamene lafika? Ukaima apa silimufika. Sendera kamodzi." Ndinaphunzira kutalika kwa mwendo wa mayi uja kuposa wa mwendo wanga. Ndinadziwa theche limene likaphonya limakusiya pambalambanda, ndi limene ungaponye mopanda mantha. Tsiku lina ndinazindikira kuti sindikuyang'ananso kontirola. Maso anali pa chimphona cha amalume pa sikirini, ndipo zala zinkadziyendera zokha. Tsiku limenelo ndinagwetsa chimphona koyamba ndikudziwa chimene ndachita. Ndinakuwa kuti, "Ndakupezani!" Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Ohoo, kani Chichewa umachidziwa?"

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi kunkabwera aphunzitsi, bambo wa kwathu ku Malawi amene ankaphunzitsa masamu ku sekondale ina ku Ramotswa. Ankabwera kudzamwa tiyi ndi kudandaula za kuzizira. Tsiku lina anatipeza tili pa gemu, n'kuvula jekete. Anati ali ku koleji ankasewera gemu yomweyi mpaka kuiwala chakudya. Anandifunsa kuti ndimasewera ndi angati, ndipo nditati mmodzi anapukusa mutu.

"Mmodzi? Pa mpikisano? Ayi, achimwene, mwanayu mukumupha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe."

Atangotero anaona dzanja la amalume lili pa bondo, zala ziwiri zili njo. Mayi anaima ndi thireyi pakhomo la kukhitchini. Aphunzitsi anayamba kupepesa, koma amalume anakweza dzanjalo m'mwamba n'kuligwedeza.

"Musadandaule, aphunzitsi. Zatsala zitatu. Nsabwe zilibe mwayi."

Tonse tinaseka, aphunzitsi mochedwerapo. Kenako anatenga kontirola ya tepi ija kuti andiyese. Sanandithamangitse ngati mmene ndinkayembekezera. Anangobwerera kumbuyo, n'kutchinga. Ndinaponya mateche anga onse, apamwamba, apansi, ozungulira, onse akugunda pa mikono yotchinga. Ndikangoponya lija losiya pambalambanda, ankandibwezera kamodzi, n'kutchinganso. Anandigonjetsa choncho kangapo konse osatuluka thukuta.

Amalume anakanda chibwano. Sanali munthu wokakamira mawu ake akaona kuti pali pamene aperewera. "Aphunzitsi akunena zoona," anatero. "Munthu wotchinga samenyedwa, amagwidwa. Mayi wakoyu manja ake ndi aafupi." Anatembenukira kwa ine. "Wachiwiri ukhala naye. Koma wachiwiri yekha, wa tsiku la mvula. Ndipo usavutike kusaka. Wakhala akukumenya tchuthi chonsechi."

Ndi mmene chimphona chinakhalira changa. Chodabwitsa n'chakuti sindinavutike nacho. Ndinali nditagwetsedwa nacho kambirimbiri moti ndinkadziwa kale pamene chimaima chisanagwire munthu, ndi kaphokoso kamene chimachita chikamatambasula manja. Aphunzitsi nawo anapeza ntchito yawo. Lamlungu lililonse tiyi wawo ankazizira pa tebulo iwo akusewera ndi omenya ena onse mmodzimmodzi, kuti ndiwadziwe. "Awawa suwasewera," ankatero, "koma uwadziwe ngati mmene umadziwira agalu a m'njira ya kusukulu. Uyu amaluma, uyu amangouwa."

Loweruka lija shopu inadzaza. Munkanunkha tchipisi cha viniga ndi masokosi. Atsikana tinalimo awiri okha, ndipo mnzangayo anangoperekeza mchimwene wake. Mwini shopu nditamupatsa moni kuti "Dumela, rra," anayang'ana kumbuyo kwanga kufuna mnyamata amene ndabwera kudzamulembetsa. Amalume anaima kukhoma, dzanja lawo lili m'thumba la jekete. Mayi anali pa ntchito. Aphunzitsi anafika mochedwa, akupuma wefuwefu.

Anyamata oyambirira ndinawadutsa ndi mayi wa mateche. Ambiri ankasewera ngati mmene ndinkasewerera ine kale: akaluza, ankathamangira kwa womenya wina, kenako winanso, ndipo aliyense ankabwera naye ngati mlendo. Ndinkamva anthu kumbuyo akunena m'Chitswana kuti kamtsikanaka kamadziwa.

Titatsala anayi, ndinakumana ndi mnyamata wamtali wa ku Ramotswa, wa chipewa cha ubweya, wosalankhula. Anali wotchinga. Ndinazindikira zimenezi mochedwa, mateche anga atatha kale pa mikono yake, ndipo masewero oyamba anatenga iye. Lamulo linali lakuti woluza akhoza kusintha womenya. Sikirini ya nkhope ija inabwera, ndipo kabokosi kanga kanayamba kuyendayenda pakati pa wa lupanga ndi woponya moto, anzanga akale aja. Mtima unkati tenga aliyense, bola wina. Kukhoma kunachokera mawu a amalume, osakweza, m'Chichewa chimene m'shopu monsemo tinkamva atatu okha.

"Mvula yagwa, mwana iwe."

Ndinatenga chimphona. Anyamata anaseka poona kamtsikana katenga chimimba chimenecho. Mnyamata uja anabwerera kumbuyo n'kutchinga monga mwa masiku onse. Ndinayenda pang'onopang'ono, ngati ndanyamula simenti, n'kumugwira. Pamene chimphona chinamumenyetsa pansi, benchi yonse inakuwa. Ndinamugwiranso. Masewero achiwiri anali anga, ndipo aphunzitsi anaiwala kuti ndi aphunzitsi, analumpha n'kugunda mutu pa shelefu.

Achitatu ndinaluza. Mnyamatayo sanali wopusa. Anasiya kutchinga, n'kuyamba kulumpha ndikamayandikira, ndipo ine chimphona ndinkachidziwa theka lokha. Tonse tinatsala ndi kamoyo kochepa ngati ulusi, ndinatambasula manja msanga, iye anali kale m'mwamba. Atapambana anavula chipewa n'kundigwira chanza. Ndinamuthokoza m'Chitswana kuti "Ke a leboga," misozi ili m'maso, ndikuyesetsa kuti isagwe pamaso pa anyamata.

Pobwerera amalume anandigulira magwinya otentha, mandasi a kuno, ndipo tinkadya tikuyenda m'fumbi. Sananene zoti ndinasewera bwino. Anangoti, "Uja analumpha chifukwa anakuopa. Chaka chamawa udzaphunzire chochita munthu akalumpha."

Mpaka lero ndimasewera, ndipo ndapitako ku mipikisano ya akuluakulu. Achinyamata akandifunsa kuti ayenera kugwira omenya angati, ndimawauza zimene anandipatsa anthu awiri aja pabalaza la ku Tlokweng: mmodzi mpaka zala zizimudziwa popanda kukufunsa, wachiwiri wotseka pamene woyambayo amabowoka, ena onsewo uwadziwe pomenyedwa nawo. Ena amatsutsa, amati masiku ano pamafunika atatu kapena anayi. Mwina. Ine sindinaonepo munthu amene anafika patali asanakhale ndi mmodzi wake.

Sukulu itatsegulidwa, mphepo ya Ogasiti ikuulutsa mapepala m'misewu, amalume anapinda matiresi aja. Anati akupita kumudzi ku Malawi kukaona agogo. Tinawaperekeza kokwerera mabasi m'tauni, m'mawa dzuwa litatuluka, pakati pa anthu ogulitsa malalanje ndi makondakitala oitanira. Mayi anawapatsa chakudya cha panjira m'kontena, n'kuwakonzera kolala ya jekete ngati mwana. Kenako anayamba kulira, mayi amene sindinawaonepo akulira ngakhale pamaliro.

Ine ndinanyansidwa nazo. Munthu akupita kukacheza, cholirira n'chiyani? Nkhawa yanga inali ina. Ndinawakoka malaya amalume n'kuwafunsa kuti nanga ndizisewera ndi ndani.

"Aphunzitsi alipo," anatero. "Ine ndibwera Disembala. Ndidzakupeze utadziwa za wolumpha uja."

Ndinawakhulupirira, ndipo ndinayeserera mwakhama miyezi yonseyo. Sindinkadziwa kuti chilolezo chawo chokhalira m'dziko muno chinali chomangiriridwa pa ntchito ya zomangamanga, ndi kuti tchuthi chonse chija iwo ndi mayi ankadikira kuona ngati zala zija zipindikenso nthawi isanathe. Sindinkadziwa kuti munthu wa zaka makumi atatu amene ntchito ya manja ake yamuthera akhoza kudzuka m'mawa uliwonse, kupinda bulangete, n'kukhala pansi kuphunzitsa mwana kutalika kwa theche, mofatsa, ngati palibe china chomudya mumtima. Basi itanyamuka anatulutsa dzanja lija pawindo n'kutibayibitsa, ndipo ine ndinabayibitsa mwachangu, chifukwa ndinkafuna tikafike kunyumba mayi asananyamuke kupita kuntchito, andilole kuyatsa gemu.