Matabwa Amene Che Amidu Anamiza M'nyanja

Ndikukumbukira bwino chaka chimene limba la magetsi linabwera kutchalitchi kwathu ku Senga Bay, chifukwa ndi chaka chomwecho chimene pakamwa panga panathetsa ubwenzi wa bambo anga. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, wamaso akuthwa, wokonda za eni. Mayi ankanditcha wailesi, ndipo sankanama.

Limbalo linachokera ku loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Mwini wake, mayi wachizungu wokalamba, anasiyira mpingo pobwerera kwawo. Linali lakalekale, la mizere iwiri ya makiyi, lolemera moti amuna anayi anapumira kawiri politsitsa pangolo. Mawu ake anali abwinobwino, koma bokosi lake lamatabwa linali litatheratu. Linali lofumbwa mkati monse. Ukalidina pambali chala chinkalowa, pansi n'kugwa fumbi longa ufa. Bambo, amene anali mphunzitsi wa kupulayimale komanso munthu yekhayo wodziwa kuliza limba mumpingo monse, ananena kuti tikapanda kulipangira bokosi latsopano, tsiku lina lidzagwa pakati pa nyimbo.

Mpingo unagwetsa mitengo iwiri ya malaina imene inali kuseri kwa tchalitchi n'kuchekesa matabwa. Pamene panavuta ndi pa kalipentala. A Mbewe, mkulu wa mpingo, ankafuna mlamu wawo wa ku tawuni ya Salima. Bambo anaumirira Che Amidu, mnzawo wa bawo, Msilamu amene ankakhoma maboti pafupi ndi pamene asodzi amayanika usipa. A Mbewe anafunsa ngati n'zomveka kupereka chinthu cha m'nyumba ya Mulungu kwa munthu amene sadzalowamo n'komwe. Bambo anayankha kuti iwo akufuna mmisiri osati mlaliki, ndipo chilichonse chikalakwika afunsidwe iwowo. Akuluakulu anavomera monyinyirika. Theka la matabwa linapita kwa Che Amidu pamodzi ndi limba, theka lina linatsala m'kachipinda ka kumbuyo kwa tchalitchi.

Sabata ziwiri zinatha, yachitatu n'kulowa, popanda womva ngakhale kulira kwa sowo. Bambo akafunsa pa bawo, Che Amidu ankangoti, "Inshallah likhala bwino, aphunzitsi, musafulumire." Anali munthu wosakonda kuyankhula, ndipo bambo sankafunsanso kawiri. Koma pamjigo nkhani inali ina. Ndinamva ndi makutu anga mayi Mbewe, akazi a mkulu wa mpingo uja, akuuza anzawo kuti aphunzitsi apusitsidwa masanasana, limba lija mwina lili kale ku Lilongwe. Zinandiwawa kwambiri. Bambo anga, munthu wophunzitsa ana a mudzi wonse, asanduke choseketsa cha pamjigo?

Ndinaganiza zofufuza ndekha. M'mawa uliwonse ndinkapita kunyanja kukatsuka mbale ndisanapite kusukulu, ndiye ndinangosintha malo. Ndinayamba kutsukira pafupi ndi chisakasa cha Che Amidu, ngakhale kunali kutali ndiponso kumanunkha matumbo a nsomba. Manja ali pa mbale, maso ali kuchisakasa.

Tsiku loyamba ndinaona utsi. Che Amidu anali ataphwasula bokosi lakale lija ndipo ankaliwotcha pamchenga, akusonkhezera ndi phazi mpaka kachidutswa komaliza. Munthu wopanda chobisa angawotcherenji? Tsiku lina ndinanamizira kufunafuna supuni yotayika, n'kusuzumira m'chisakasa. Munali boti losatha, sowo, hamala, zitini za phula. Makiyi, mawaya ndi sipika za limba lija, sindinaone chilichonse. Matabwa a mpingo nawonso munalibe.

Chimene chinandimaliza chinali cha Loweruka. Ndinaona Che Amidu atapinda thalauza, akulowa m'madzi mpaka m'chiuno pamalo pena pa bango. Anawerama n'kutukula thabwa, ndipo ndinalizindikira chifukwa a Mbewe anali atalemba mtanda wa penti yofiira kumapeto kwa thabwa lililonse. Analitembenuza, kulinunkhiza, kulibwezera pansi n'kulipsinja ndi mwala waukulu. Anachita chimodzimodzi ndi ena onse. Kwa ine mlandu unathera pomwepo: zamkati agulitsa, bokosi awotcha kuti pasapezeke umboni, matabwa abisa m'madzi kuti adzakhomere boti.

Madzulo ake ndinayesa kuuza bambo. Ndisanafike n'komwe pa za matabwa anandidula, amvekere za akulu ndizisiye, ndikawerenge. Ndinapsa mtima. Ndinati bawo lawatseka m'maso bambowa, ndiye ndiwapulumutsa ndine. Lamlungu titatuluka m'mapemphero ndinatsatira mayi Mbewe kuseri kwa tchalitchi n'kuwakhuthulira zonse. Ndipo sindinalekere pa zimene ndinaona. Sabata imeneyo ndinali nditaona thumba likukwezedwa pagalimoto ya ogula nsomba pafupi ndi chisakasa chija. Mwina munali usipa, sindikudziwa mpaka lero. Koma ndinati linkaoneka lolemera ndiponso la makona. Mayi Mbewe anandisisita pamutu n'kunditcha mwana wanzeru, ine n'kumadzimva.

Lolemba m'mawa a Mbewe ndi akuluakulu ena awiri anatsetsereka kunyanja ndi ngolo, osawauza bambo. Ine ndinajomba kusukulu n'kuwatsatira, ndikufuna kuona wakuba akugwidwa. Tinapeza Che Amidu akumata boti ndi phula. Asodzi amene ankasoka maukonde anasiya n'kuyandikira, amayi a usipa nawonso. A Mbewe sanapereke ndi moni womwe. Ananena mokweza kuti abwera kudzatenga katundu wa mpingo, ngati alipo.

Che Amidu anasiya kumata boti. Kenako anapukuta manja, kusamba ndi sopo, n'kulowa m'nyumba mwawo, osati m'chisakasa. Anaitana a Mbewe kuti adzawathandize. Zimene anatulutsa zinali zokulungidwa mu nsalu yoyera, kunja kwake mkeka watsopano. Anali atazikweza pathandala la kudenga m'chipinda chawo chogona, kuopa makoswe ndi chinyontho. Makiyi onse analipo, atapukutidwa mpaka kuwala. Sipika inali m'thumba lakelake. Tizitsulo tomangira tinali m'chitini, ndipo waya uliwonse unali ndi kaulusi ka mtundu wake kuti adzadziwe pobwezera.

A Mbewe anakhosomola n'kufunsa za matabwa, koma mawu anali atatsika. Che Amidu analowa m'madzi ndi zovala zomwe, n'kuyamba kuchotsa miyala. Anatulutsa matabwa onse limodzilimodzi, akuda bii, oterera, n'kuwayala pamchenga kuti mtanda wofiira uzioneka. Apo m'pamene anafotokoza, mosakweza mawu. Anati mtengo wongodulidwa kumene umakhala ndi madzi okoma amene tizilombo tofumbwitsa timatsatira. Ukaumiza m'nyanja mwezi wathunthu madzi aja amachoka, kenako umauyanika pamthunzi, ndipo sufumbwanso. Bambo awo ankatero ndi mitengo ya denga ndi nkhafi zomwe. Bokosi lakale analiwotcha chifukwa tizilombo tinali tidakali momwemo, tikanasamukira m'matabwa atsopano. Msodzi wina wachikulire anaseka n'kunena kuti zimenezi ngakhale mwana wa kunyanja amazidziwa. Ife tinali ochokera kumtunda, tinangobwera ndi ntchito ya bambo, ndipo a Mbewe anali mlimi wosadziwa za kunyanja.

Nthawi imeneyo bambo anafika akuthamanga, choko chili m'manja. Wina anali atawatsina khutu kusukulu. Che Amidu anawayang'ana, madzi akuchucha m'malaya.

"Aphunzitsi, inunso mumaganiza kuti ndaba?"

Bambo anakana, n'kulumbira kuti sanadziwe chilichonse.

"Nanga mwana wanuyu, amene wakhala akutsuka mbale zotsukatsuka kale pakhomo panga sabata yonseyi, anamutuma ndani?"

Kani ankandiona masiku onsewo. Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinalakalaka mchenga utandimeza. Nkhope imene bambo anandiyang'ana nayo sindinaionenso pa munthu wina aliyense.

A Mbewe anayesa kukonza, amvekere panali kusamvetsetsana chabe, ntchito ipitirire. Che Amidu anapukusa mutu. Anati, "Wallahi, sindiligwiranso. Tengani zonse." Anathandiza okha kukweza pangolo, n'kuwachenjeza kuti ayende pang'onopang'ono pa mabampu. Nsalu yawo yoyera ija sanaichotse, inapita ndi limba.

Mlamu wa a Mbewe anabwera kuchokera ku Salima. Matabwa onyowa aja anawakana, n'kutenga amene anatsala m'kachipinda. Sabata imodzi yokha bokosi linali litatha, lonyezimira ndi vanishi, ndipo tsiku lolitsegulira amayi anaimba nthungululu. Bambo analiza limba bwinobwino, koma sanamwetulire.

Sanandimenye, ngakhale ndikanakonda akanatero. Anapita nane kwa Che Amidu kuti ndikapepese. Ndinagwada ndikulira, iwo n'kunena kuti andikhululukira, ndidzuke. Anatipatsa mpando ndi tiyi, ulemu wonse unalipo. Koma bawo silinatulukenso. Akakumana panjira ankapatsana moni wa manja awiri, kufunsana za kunyumba, aliyense n'kupitiriza ulendo wake. Dzina la munthu linali litaitanidwa pagulu ngati la wakuba, ndipo diso lomuzonda linachokera m'nyumba ya mnzake.

Chilango changa chinali kusesa m'tchalitchi Loweruka lililonse mpaka nditamaliza pulayimale. Choncho ndine ndinayamba kuona. Dzinja lachiwiri litatha, ndinapeza timilu ta fumbi loyera pansi pa limba. Ndinasesa msangamsanga osauza munthu. Sabata yotsatira tinalipo tambiri, ndipo pansi pa vanishi panali timabowo tonga toboola ndi singano. Ndinakhala pansi pomwepo ndi tsache langa n'kulira. Pamene ndinkapita ku sekondale, mwendo umodzi wa limba unali utachirikizidwa ndi njerwa.

Matabwa a m'nyanja aja palibe anawafuna. Bambo anawatenga, kuwayanika pamthunzi kuseri kwa nyumba monga ananenera mwini luso, kenako n'kukhoma okha benchi. Bambo si kalipentala, benchilo ndi lopendama ndipo misomali ina inapindika. Che Amidu anamwalira ndili ku sekondale, asanakhale pa benchilo ndi kamodzi komwe.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo wina wa iwo ali ndi maso ndi pakamwa ngati panga. Akabwera ndi nkhani ya munthu, ndimamufunsa kaye ngati mwini wakeyo wamufunsa. Chimene ndimamvetsa tsopano n'chakuti utsi ndinauonadi, matabwa m'madzi ndinawaonadi, koma wakuba ndinamupanga ndekha. Sabata yathunthu ndinakhala poti ndikanatha kungoti, "Che Amidu, matabwawo mukuwamiziranji?" Akanandiyankha, mwinanso akanandipatsa thabwa kuti ndinunkhize.

Bambo anapuma ntchito, ndipo benchi lija anasamuka nalo. Lili pakhonde pawo mpaka pano. Ndikapita kukawaona ndimapisa dzanja kunsi kwake mwakachetechete, kufunafuna bowo ngakhale limodzi, mwina mtima ungapepukeko. Palibe. Bambo amakhala kumapeto kwake masana onse, mbali inayo ili yopanda munthu.