Mtedza wa Mayi Tabita ndi wa Alamu Awo

Ukafunsa za Mayi Tabita ku Kabudula, anthu amayamba aseka kaye. Ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, wosajomba kukwaya. Koma chakukhosi, eee, amachisunga ngati mbewu ya kudenga.

Anabwera pachitengwa kuchokera ku Nsaru atanyamula mtedza wa mbewu wa kwawo. Amuna awo atamwalira, mlamu wawo, a Ackson, anayamba kusirira munda. Misozi isanaume, ananena pamaso pa abale kuti munda ukuwonongeka m'manja mwa mkazi wodzala mtedza wa makoko okhaokha. Mawuwo anawabaya a Tabita. Nanga munda ukapita, ana adzadya chiyani?

Akuluakulu a banja anagamula kuti munda ugawidwe pakati: uku mbewu ya a Tabita, uko ya a Ackson, aliyense azilima yekha mbali yake. Zokolola zonse zizilowa m'nkhokwe ya ana amasiyewo. Kuyesako kudzatha onse awiri akadzavomereza kuti zaonekeratu, ndipo wopambana adzatenga munda.

Chaka choyamba mtedza wa a Tabita unadzaza madengu ambiri.

"Basi alamu, taonatu," iwo anatero.

"Aaa, chaka chimodzi? Ndi mwayi chabe umenewo, mlamu," a Ackson anayankha akuseka. "Tiyesenso chaka chamawa."

Chaka chotsatira mvula inagwa bwino, ndipo a Ackson anapambanako pang'ono. Anakadzitama mpaka ku Msundwe. Apa a Tabita nawonso anakana kuvomereza, mtima ukuwira. Anali ataona kanthu: mbewu ya alamu imafuna mvula yabwino, pomwe yawo siikhumudwitsa ngakhale zinthu zitavuta.

Kenako kunabwera ng'amba. A Ackson anakumba makoko. Chaka china kunagwa matenda a khate m'minda, zomwezonso. Ngakhale chaka chabwino, madengu awo ankangofanana ndi a mayiwo. Zaka zinapita, ndipo ngakhale ana anadziwa mbewu yabwino kuti ndi iti.

Tsono msana wa a Ackson unayamba kudandaula. Chaka ndi chaka kugaula, kupalira, kukumba, mtedza wonse n'kukathira m'nkhokwe ya eni ake. Kwawo akazi awo ankawanena kuti asanduka waganyu wosalipidwa.

Tsiku lina lokolola, anthu atazungulira madengu, a Ackson anavula chipewa.

"Mlamu, ndagonja. Mbewu yanu ndi yabwino, munda ndi wanu. Tileke, eti?"

A Tabita anawayang'ana. Anakumbukira tsiku lija, iwo ali pamphasa ya maliro, munthuyu akuwanyoza. Mtima wawo unakoma, ndipo sanachite nazo manyazi.

"Aaa, zaka zochepa zomwezi?" anatero mofatsa, akusenda mtedza. "Mwina ndi mwayi chabe, alamu. Tiyesenso chaka chamawa."