Mphaka Wathu ndi Makoswe a Kuseri

Kwee, kwee, kwee. Mpaka lero ndikamva munthu akupala poto ndi supuni, ndimakumbukira zikhadabo za mphaka wathu pachitseko cha nyumba yathu ku Chinamwali. Chitsekocho chinali cha matabwa, koma kumunsi kwake chiswe chinadya, ndiye tinakhomapo chidutswa cha lata. Latalo ndi limene mphaka analisandutsa belu. Tikangozimitsa koloboyi n'kufunda, iye ankapita pamenepo n'kuyamba kukanda, ndipo sankasiya mpaka wina atadzuka. Winayo ndinali ine.

Ndinakulira m'manja mwa agogo anga obereka mayi anga, amene dera lonse linkawatchula kuti anganga. Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, choncho m'nyumbamo tinalimo awiri, wachitatu mphaka. Ndinamutola ali kamwana m'ngalande ya m'mbali mwa msewu wopita ku Malosa, mvula itamunyowetsa mpaka nthiti kuoneka. Anakula kukhala wakuda bii, wa kabanga koyera pakhosi. Ine sindinali mwana wolankhula. Aphunzitsi ankaiwala kuti ndili m'kalasi. Koma maso anga sankagona, ndipo mwina n'chifukwa chake ine ndi mphakayo tinkamvana.

Anganga ankakazinga zitumbuwa m'mawa uliwonse n'kumagulitsa pakhonde. Mbaula yawo ndiyo inkayamba kuyaka pamzere wonse wa nyumba, moti amayi oyandikana nafe ankabwera ndi phale kudzapala moto. Aliyense ankagwada pambaula, kupereka moni, kunenako za kuzizira kotsika m'phiri, kenako n'kugulira mwana chitumbuwa. Moyo wathu unali pamenepo.

Kuseri kwa mpanda wathu wa udzu kunkakhala banja lina. Bamboyo anali wa kabaza, munthu wa nthabwala. Mkazi wake, amene tinkangoti amake mwana chifukwa anali ndi khanda, ankagula chimanga kumidzi nthawi yokolola n'kusunga m'kachipinda kakumbuyo kuti adzagulitse mvula ikagwa.

Chaka china, nyengo yozizira itangoyamba, khanda lija linayamba kutentha thupi ndi kulira usiku. Masiku omwewo amake mwana ankati akatsegula chitseko m'mawa, ankapeza khoswe wakufa pakona ya khonde lawo, tsiku lina mutu wokhawokha. Kenako usiku wina atatuluka ndi mwana wolirayo kumsana, anaona maso awiri akuwala pamwamba pa khoma lawo. Anali mphaka wakuda wa nkhalamba yokhala yokha ndi mwana wamasiye. M'mutu mwawo nkhani inathera pomwepo.

Palibe amene anatiuza pamaso. Ine ndinangoona kuti mapale asiya kubwera. Zitumbuwa zinayamba kuzizirira m'beseni. Mwana akamathamangira pakhonde pathu, mayi ake ankamuitana asanafike. Pampopi amayi ankadula nkhani ndikangotula chidebe. Amene anandimasulira anali mnzanga wa m'kalasi, tikuweruka.

"Akutitu anganga ako usiku amasanduka mphaka. Kapena amamutuma. Iwe umawaona?"

M'mawa wotsatira amake mwana anaima kuseri kwa mpanda, akulankhula ngati akuuza nkhuku zawo.

"Ena pano ali ndi antchito a miyendo inayi. Awauze kuti pakhomo panga si pamanda potayira zakufa."

Anganga anali akusesa. Anaweramuka pang'onopang'ono. "Mwadzuka bwanji, amake mwana? Nanga wamng'onoyo wagona bwanji?"

Amake mwana anangotembenuka n'kulowa m'nyumba mwawo.

Ndinali wamng'ono, koma ndinkadziwa zimene zimachitikira nkhalamba dzina la ufiti likaimatirira. Zimayamba ndi kumanidwa moni, kenako miyala padenga. Madzulo ake anganga anayang'ana beseni la zitumbuwa zosagulidwa, kenako anandiitana.

"Mawa umutenge mphakayu m'thumba, ukamusiye kuphiri, kumtunda kwa mitengo ya paini. Kumeneko mbewa ziliko."

"Ayi, anganga."

Anandiyang'ana modabwa, chifukwa mawu amenewo ndinali ndisanawanenepo m'nyumba imeneyo.

"Ndipatseni mpata. Sadzatulukanso usiku."

"Iwe ungaletse mphaka? Ine agogo ako aamuna ndinalephera kuwaletsa, chikhalirecho iwo ankamva Chinyanja."

Sanavomere, koma thumba sanandipatse.

Usiku umenewo ndinamutsegulira komaliza, ine n'kumutsatira chapansipansi. Mwezi unali utawala. Anadutsa pabowo la mpanda, anakwera khoma la kachipinda ka chimanga, n'kulowa pampata wa pakati pa njerwa ndi denga. Ndinadikira nditanjuta, mano akugundana. Posakhalitsa ndinamva kulira kwa khoswe, kamodzi kokha. Ndinabwerera m'nyumba ndikudziwa zonse, koma ndilibe woti ndimuuze. Ndikanati ndinene, funso loyamba likanakhala lakuti, nanga iwe kuseri kwa nyumba ya eni usiku umatani? Akanati nkhalamba ija yaphunzitsanso mdzukulu wake.

Nkhondo yanga ndi mphaka inayamba mawa lake. Titangozimitsa koloboyi, kwee, kwee, kwee. Ndinafunda kumutu. Atatopa ndi lata anayamba kulira, ndipo kulira kwake kunali ngati kwa khanda lenileni. Ndinachita mantha kuti akamva kuseri nkhani ikula. Ndinamugwira, kumuvundikira ndi dengu, pamwamba n'kuikapo mwala. Kunangoti zii kwa kanthawi. Kenako ndinamva kukhwekhwereza pansi. Nditayatsa machesi ndinaona dengu likuyenda lokha kulowera kuchitseko, mwala uli pamwamba ngati katundu wa kumsika.

Anganga anaseka m'bulangeti mpaka kutsokomola. "Zimitsa, zimitsa! Wina akasuzumira n'kuona dengu likuyenda lokha, ndiye mawa atiwotchera nyumba."

Kunali kuseka kwawo koyamba chiyambire nkhani ija.

Ndinakulunga lata lija ndi chiguduli kuti lisamveke. Iye anasiya chitseko n'kubwera kwa ine. Ankakwera pachifuwa panga, kundiyang'ana, kenako kundimenya mphuno ndi dzanja lake. Ndikamukankha ankapita kukagwetsa makapu. Kusukulu ndinayamba kuwodzera, mpaka ndinalandira chibalo chosesa bwalo.

Ndikusesa bwalolo ndi pamene ndinaganiza. Mdani wangayu mphamvu za usiku ankazitenga kuti? Ine ndikuvutika ndi masamu, iye amakhala atadzipinda pafupi ndi mbaula ya anganga, kugona tsiku lonse ngati bwana wopuma pantchito. Ndinaona kuti mankhwala ake ndi kumubera tulo ta masana.

Ndikangoweruka ndinkamangirira nthenga ya nkhuku kuchingwe n'kumamuthamangitsa nayo bwalo lonse, kuzungulira mtengo wa mapeyala, kudumpha mtondo, mpaka atatulutsa lilime. Akangotseka maso ndinkamunyamula n'kukamuika pa dothi lozizira. Anganga nawo ndinawalemba ntchito: ine ndili kusukulu, iwo ankamugwedeza ndi tsache akangoyamba kusinza. Chakudya chake, mitu ya matemba ndi mkute, ndinasiya kumupatsa masana. Ankadya nthawi yogona, mimba n'kuti ndii. Pakona ndinaika beseni lakale lodzaza mchenga loti azidzithandiziramo. Ndiye poti chiperoni chinali chitatsika m'phiri, ndinkawotcha njerwa pamakala otsala, kuikulunga m'chiguduli n'kuiika kumiyendo kwa mphasa yanga.

Sanagonje msanga. Koma kulira kunayamba kufupika, zikhadabo zinayamba ulesi. Tsiku lina ndinadzidzimuka tambala akulira, kuwala kukulowa m'ming'alu ya chitseko. Makapu onse anali pamalo pake. Kumiyendo kwanga kunali kolemera. Mphaka anali atakumbatira njerwa ija, akuliza mkonono.

Ndinatuluka panja opanda nsapato, udzu uli ndi mame ozizira, ndipo ndinayang'ana phiri lonse lija ngati ndaligonjetsa ndine.

"Wamupatsa chiyani?" anafunsa anganga.

"Tulo basi."

Koma mapale sanabwerere. Makoswe akufa atasiya kupezeka pakhonde paja, ndiponso khanda litachira malungo ake kuchipatala, amake mwana anauza anthu pampopi kuti, "Mwaona? Adziwa kuti tawatulukira, amumanga wantchito wawo." Kupambana kwanga kunasanduka umboni wawo. Anganga anachepetsa ufa wa zitumbuwa, ndipo tsiku lina sanayatse n'komwe mbaula m'mawa.

Ine ndinkangomvetsera. Usiku, nyumba yathu ili zii, kuseri kunayamba kumveka timapazi tothamanga pa malata. Tsiku ndi tsiku tinkachuluka. M'mawa wina ndinamva bambo wa kabaza akupopa tayala, akudandaula yekha: "Usiku wonse mpira padenga. Sindikudziwa kuti akusewera ndi timu yanji."

Loweruka lina chiperoni chinachoka, dzuwa linatuluka. Amake mwana anaitana amuna awo ndi amayi ena a pamzere pathu kuti awathandize kutulutsa matumba, chimanga chiyanikidwe padzuwa asanathire mankhwala a anankafumbwe. Thumba loyamba linang'ambika ali nalo m'manja. Lachiwiri linali lobooka kumunsi, chimanga chosanduka gaga chikuthothoka. Atasuntha lachitatu, makoswe anabalalika bwalo lonse. Amayi anakuwa, wina anakwera pamtondo, wina ankamenya pansi ndi chipande maso atatsinzina. Bambo wa kabaza anakweza miyendo ali panjinga yake yoimika.

Ndinali nditaima pabowo la mpanda, mphaka ndili naye m'khwapa. Thupi lake lonse linkanjenjemera, mchira ukundimenya m'nthiti. Ndinacheuka kuyang'ana anganga pakhonde. Iwo anatembenuzira nkhope kuphiri ngati sakuona chilichonse. Ndinatambasula mkono.

Ndinali ndisanamuonepo akuthamanga chotero. Anadutsa pakati pa miyendo ya anthu ngati mwala wa legeni, ndipo fumbi litatsika anali atagwira khoswe wamkulu pakhosi. Sanathawe naye. Anamunyamula mutu uli m'mwamba, mchira wa khoswe ukukokeka pansi, n'kuyenda mosafulumira anthu akumupatukira. Anakwera khonde la amake mwana, anapita pakona yomwe ija, n'kumutula pomwepo. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kunyambita dzanja.



Woyamba kuseka anali bambo wa kabaza. Anaseka mpaka njinga inagwa.

"Amake mwana, ufiti wanu uja ndi umenewu? Munthu akukulonderani chimanga ulere, m'mawa n'kumakusiyirani umboni pakhonde kuti ntchito ndagwira, inu mukuti watumidwa! Inetu ndikanakhala iyeyu ndikanakusumirani."

"Khalani chete inu," anatero mkazi wake, koma mawu analibe mphamvu.

"Amalowera apo," ndinatero ine, ndikuloza mpata wa pansi pa denga. Anthu onse anacheuka, ena kuyang'ana mpatawo, ena kudabwa kuti ndili ndi mawu.

"Achimwene, inu munadziwa liti zimenezi?" anafunsa bamboyo.

"Kalekale."

"Nanga bwanji osanena?"

"Mukanandifunsa kuti ndimatani kuseri kwanu usiku."

Mayi amene anali pamtondo uja anatsika, anakonza chitenje chake, n'kuyang'ana kukhonde kwathu. "Anganga, mwaswera bwanji kumeneko?"

"Ndaswera, kaya inu anzathu a makoswe," anayankha anganga, nkhope ili phee.

Tsiku lonselo mphaka anagwira ntchito poyera, ana akumuchemerera ngati ali kubwalo la mpira. Ine ndinakhala pamwala ndikuonerera. Palibe mwana amene anaitanidwa kuti achoke pafupi nane.

Madzulo anganga anayatsa mbaula pakhonde, makala ambiri kuposa masiku onse. Dzuwa litalowa kuseri kwa phiri tinamva mapazi. Anali amake mwana, khanda kumsana, phale m'manja. Anaima kaye pamalire a bwalo.

"Odi, anganga. Ndipaleko moto."

"Palani, amake mwana. Mbaula sinasamuke."

Anagwada, anasankha makala ndi kamtengo mosafulumira. Khanda linasuzumira paphewa, anganga n'kuligwira tsaya. "Wanenepatu uyu." Za ufiti palibe anazitchula. Anangofunsa ngati mawa kukhale zitumbuwa, anganga n'kuti zikhalapo, koma ofuna alawirire.

Kenako mayiyo anatembenukira kwa ine. Anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa kambale kodzaza matemba, athunthu, osati mitu yokha.

"Awa si ako, wamva? Ndi a abwana akowo. Ndipo usiku uno uwatsegulire chitseko."

Anandiika kambaleko m'manja, ananyamula phale lawo, n'kukhotera kuseri kwa mpanda makala akuyaka.