Tsiku limene tinaika alongo anga a Naphiri

Dandaulo langa loyamba ndinakapereka kuchipatala chathu chaching'ono nthawi yowokera mpunga chaka chatha, lachiwiri mpunga utacha. Mapepala onse ndili nawo. Yankho silinabwere, ndipo alongo anga a Naphiri tinawaika Loweruka lapitali.

Tsikulo ndinadzuka kusanache. Amayi amene anachezera m'siwa anali atasasa mawu, nyimbo zikungomveka pansipansi. Amuna anali atagona pamphasa panja, atafunda mpaka kumutu chifukwa cha mwera. Adzukulu okumba manda ananyamuka ndi makasu awo. Dzuwa litatuluka moto unayaka kuseri kwa nyumba, ndipo anthu anayamba kufika: a ku Lifuwu ndi mpunga, asodzi a ku Senga Bay ndi usipa wouma, achibale a ku Chitala panjinga, fumbi lili mbuu.

Ine ndine mwini mbumba, choncho kufotokoza za matenda pamaso pa anthu inali ntchito yanga. Ndikukonzekera, wapampando wa chipani m'dera lathu anandikokera pambali.

"Madala, mungoti ukalamba. Za chipatala zisatuluke pano, mwamva? Makutu ndi ambiri."

Ndinabwerera pabwalo.

Alongo angawo anayamba kuiwala kalekale. Mdzukulu ankamuitana ndi dzina la mayi ake, mchere ankathira kawiri. Koma ankaseka, ankadya, ankathamangitsa mbalame kumunda wa mpunga. Zinasintha amuna awo atamwalira. M'mawa uliwonse ankafunsa ngati bambo abwerako kunyanja, ndipo ana, poti za imfa sitinamizana, ankawauza zoona. Mayi ankalira ngati uthenga wangofika kumene. Pofika masana anali ataiwala chimene akulirira, koma chisoni chokhacho chinkatsala. Anasiya kudya, anasiya kusamba, n'kumangogona chopenya kukhoma.

Kuchipatala anawafunsa dzina la mtsogoleri wa dziko. Anatchula bwinobwino, ndi maudindo ake onse, pakuti ankaliimba kumisonkhano. Anawafunsa chaka, analephera. Papepala analemba kuti ukalamba, natipatsa mapiritsi owonjezera magazi. Palibe anafunsa ngati amapeza tulo, chimene akukanira chakudya, kapena ngati akufunabe kukhala ndi moyo. Pamenepo n'kuti ine a Naphiri atandiuza kale kuti akufuna kungopita.

Masana, bokosi litatulutsidwa, ndinaimirira n'kufotokoza zonsezi mwadongosolo. Ndinati kuiwala sikunawaphe. Chinawapha ndi chisoni chimene akuchipatala sanachifufuze ngakhale ndinawapempha. Mayi wina anatsokomola. Abusa anayambitsa nyimbo ine ndisanakhale pansi.

Tinapita kumanda kudzera njira ya pakati pa migwalangwa. Onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi, mapazi akuzama mumchenga, ndipo amayi ankagwirira zitenje chifukwa cha mphepo. Kumanda zonse zinayenda mofulumira kuposa nthawi zonse. Pobwerera, wapampando uja sanasambe m'manja pakhomo, sanadye, anangokwera njinga yake. Ena anatsatira, mmodzimmodzi, osatsanzika. Chakudya chambiri chinatsala m'mabeseni.

Mwambo wathu ndi wakuti achibale ndi anansi amagona pasiwa mpaka tsiku lometa. Koma pamene dzuwa linkalowa tinatsala ine, ana awiri a malemu, ndi nkhuku zikutola mpunga pabwalo. Wamkaziyo anadzakhala pafupi nane.

"Malume, nanga achipani akabwera kudzakutengani, ife titani?"

Ndinamuuza kuti ayatse nyali, ndilembe kalata ino.

Tsono kwa inu akuluakulu oona za umoyo, ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe molemba. Nkhalamba imene inayamba kuiwala ikasiya kudya, kodi alipo amene ali ndi udindo woifunsa za mumtima mwake? Ngati alipo, ndani, ndipo a Naphiri sanawafunse chifukwa chiyani? Sindinasamuke. Mukafika pamudzi pano, aliyense akulozerani nyumba.