Dzino Lakutsogolo la a Kagalasi

M'kalasi yoyandikana ndi yanga munkaphunzitsa bambo wina amene ana ankamutchula kuti a Kagalasi, chifukwa m'thumba la malaya awo simunkasowa kagalasi kometera ndevu. Iwo ankati Chingerezi chimalowera m'maso, makutu amangoperekeza. Ana ankalandirana kagalasiko, aliyense n'kumayang'ana lilime lake ngati mlendo amene wamupeza m'nyumba.

Analinso ndi kandulo. Mwana akatchula p bwinobwino, lawi linkayenera kugwedera. Akatchula b, lisasunthe. Mnyamata wina atazimitsa kanduloyo ndi malovu, anamupatsabe theka la malikisi chifukwa cha khama.

Koma chuma chawo chenicheni chinali mano akutsogolo. Pophunzitsa f ndi v ankaluma nawo mlomo wam'munsi, pa th ankatulutsa nsonga ya lilime pakati pake. "Mano awa ndiye bolodi yanga," ankatero.

Chaka china dzino limodzi linayamba kugwedera. Dokotala anati lichotsedwe. Iwo anakana, chifukwa phunziro la th linali lisanafike, ndipo ankaopa kuti popanda dzinolo uphunzitsi wawo watha. Anayamba kudya zofewa zokhazokha. Kuseka ankaseka atatseka pakamwa.

Akazi awo anafika nawo mpaka ku ofesi ya aphunzitsi.

"Alankhuleniko anzanuwa," anandiuza. "Tsaya latupa ngati abisamo dzira, koma akuti akudikira th."

"Mayi, mwana akalakwitsa th ali wamng'ono, amakalamba nayo," anatero a Kagalasi.

"Inuyo ndiye mufa nayo, bambo."

Tsiku la phunzirolo ndinali kuphunzitsa masamu, ndikumva kuseri kwa khoma kalasi yonse ikupuma ngati tayala laphwa. Kenako kunangoti zii. Nditapita kukaona, ndinawapeza ataima, dzino lili m'manja.

"Aphunzitsi, mwagweluka," anatero kamtsikana kena ka pabenchi yakutsogolo. "Musadandaule, langa linameranso."

Iwo sanaseke. Anakulunga dzinolo m'kampango, nayamba kutolera mabuku, akulankhula motsitsa mawu kuti ana abwereze t ndi l za dzulo. Iwo atangotchula l, kamtsikana kaja kanadzuka.

"Tabwerezani, aphunzitsi. Lilime likuoneka."

Chinali choonadi. Pampata wa dzinolo lilime linkaoneka bwinobwino likukwera kukagunda kuseri kwa mano pa t ndi l, ndipo pa r linkangoyandama osagunda kanthu. Zaka zonsezo a Kagalasi ankavutika kujambula zimenezi pabolodi, mutu wa munthu n'kumatuluka ngati mbatata. Ana anafola pamzere kudzasuzumira mmodzimmodzi. Nanenso ndinafola nawo, masamu ndinawasiya akudikira.

Kuyambira tsiku limenelo r ndi l zinachepa kusinthana mipando m'kalasi mwawo. Akazi awo anawakakamiza kuikitsa dzino lochita kupanga, lija lovula. Ankalivala pochoka kunyumba, koma akafika pachipata cha sukulu linkalowa m'thumba limodzi ndi kagalasi.

Nanga th? Ankaiphunzitsabe, kungoti lilime ankalipendeketsera kumanzere, ku dzino lakutsogolo lotsalalo. Ana aja anakula, ena ndi anamwino, wina amayendetsa basi. Ndikakumana nawo n'kuyamba kundithokoza m'Chingerezi kuti "thank you", sindifunsa kuti anali a kalasi ya ndani. Lilime limatulukira kumanzere.