Suti ya mphira ya Felista

Sabata ino ndinalakwitsa chinthu pa msika wa Chonde, ndipo ndikuuzani ndekha musanamve kwa ena.

Mdzukulu wanga Felista, amene ndinamulera mayi ake atamwalira, amutenga kukaphunzira ntchito yolowa pansi pa madzi ku Mangochi. Akuti azikasoka maukonde a makola a nsomba, iye ali pansi penipeni, thanki ya mpweya kumsana. Ife a kuphiri kuno timaopa ngakhale Likhubula akadzaza! Koma mwana wasankha. Thanki ndi paipi yopumira akamubwereka komweko, ndipo anamuchenjeza kuti zimenezo asayerekeze kugula pa kaunjika. Zoti apeze yekha ndi suti ya mphira yoteteza kuzizira ndi magalasi a kumaso.

Ndiye ndikufukula belo kufuna juzi, ndinangoiona suti ija: yakuda, yochindikala, zipi kumsana. Zinalipo ziwiri.

"Anganga, zimenezo n'za osambira," anatero mayi wogulitsa. "Mukufuna kuwoloka Ruo kubwerera kwanu ku Mozambiki?"

"N'za mdzukulu wanga. Ndipatseni yaikuluyo."

"Ali ndi thupi?"

"Alibe. Akuliramo."

Musaseke. Ndani wa inu sanagulirepo mwana wa sitandade wani yunifolomu yofika m'akakolo? Ndani sanapakirepo mapepala kutsogolo kwa nsapato? Ine timalemba ta pakhosi pa chovala sinditha kuwerenga, ngakhale mawu anowa amandilembera mnzanga wa ku Mvano. Muyeso wanga ndi umodzi basi: chovala chikhale ndi malo a mawa.

Kunyumba Felista anaivala. Inamulendewera ngati thumba la feteleza. Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga anasiya.

"Ndi yabwino, anganga. Ndipita nayo."

Mwana ameneyu akamanama amayang'ana zala zake za kumapazi. Anayamba ali wamng'ono.

"Nena zoona, iwe."

Anakhala pamphasa n'kundifotokozera pang'onopang'ono. Suti imeneyi imalowetsa timadzi pang'ono, thupi n'kutitenthetsa, ndiye munthu amafunda. Ikakula, madzi ozizira amangolowa ndi kutuluka, kutenga kutentha konse. Munthu akazizidwa pansipo manja amauma, nzeru zimachedwa.

"Ndiye ukanapita nayo?"

"Mwagula ndinu," anatero.

Abale, mtima unandiwawa. Mwana wanga anali wokonzeka kukanjenjemera pansi pa nyanja kuopa kundichititsa manyazi.

Ndakhala ndikuganiza. Ife makolo timakonda kugula zazikulu chifukwa tinakulira m'kusowa, ndipo si tchimo. Koma tazolowera kuona mwana ngati munthu amene sanafike, amene adzakwana chaka chamawa. Felista ndi mayi wathunthu, ine n'kumati akuliramo! Ndi ana angati amene akupunthwa m'chikondi chathu chokula saizi, ali chete, kuopa kutikhumudwitsa?

Tinabwerera ku Chonde tonse awiri. Mayi uja atamuona Felista anaomba m'manja.

"Uyu ndi amene akuliremoyu? Anganga, mumafuna alowemo ndi mwamuna wake?"

Anatisinthira osavuta, n'kutulutsanso magalasi a m'madzi amene anali pansi pa thumba. Felista sanayang'ane kukongola. Ankangoika kumaso osamanga lamba, n'kukoka mpweya ndi mphuno. Oyamba anagwa. Achiwiri anagwanso. Achitatu anamata pankhope ngati nkhupakupa.

"Awa ndiwo," anatero. "Sadzalowa madzi."

Titafika kunyumba analimbana ndi suti yaing'onoyo mpaka thukuta, kenako anandipatsa msana.

"Kokani zipi, anganga."

Ndinakoka ndi manja awiri. "Ikukuthina, mwanawe."

"Iyenera kutero. Kokani mpaka pakhosi."

Zala zanga zitafika pakhosi pake ndinakumbukira. Ali khanda ndinkapita naye kukathyola tiyi ku esiteti, m'mawa wa chiperoni, mizere yotsetsereka, pansi poterera. Kodi pomubereka ndinkasiya malo a mawa m'chitenje? Ayi. Ndinkamanga zolimba, mfundo ziwiri pachifuwa, mpaka ndizimva mtima wake ukugunda pamsana panga. Ndikanamanga molekerera akanagwa.

Loweruka akukwera minibasi pa Boma. Pansi pa madzipo ine sindingamutsatire, msana wanganso unatha. Koma chimene chikamugwire kumeneko ndachikoka ndekha, ndipo sindinasiye mpata ngakhale wa chala chimodzi.