Mwendo Umene Unatupa Nditachoka ku London

Chizindikiro choyamba chinali nsapato. Lachiwiri m'mawa, patatha masiku atatu ndibwerere kwathu ku Fort Manning, nsapato ya kumanzere inakana kulowa. Katumba anali wotupa, wotentha ndi wolimba ngati chinangwa chachiwisi. Ndinamanga nsalu kumwendoko n'kupita kukaphunzitsa.

Ndinali nditangochokera ku London, kumene a mishoni ananditumiza ku maphunziro a aphunzitsi aakazi. Kuchokera ku London kufika ku Salisbury ndi mamailosi oposa zikwi zisanu, ndipo ndege yathu inatha usana, usiku ndi usana wina, kutera mwa apo ndi apo kuti imwe mafuta. Mpando wanga unali wa pawindo. Pambali panga panakhala mzungu wachikulire, atatambasula miyendo. Kwathu munthu salumpha miyendo ya mnzake, makamaka mkazi kulumpha ya mwamuna, ndipo kumuuza kuti ndikufuna kukadzithandiza ndinakuona ngati chipongwe. Choncho ndinakana tiyi ndi madzi omwe. Ndinkaimirira pokhapo ndege ikatera. Pambuyo pake panali ndege ina yaing'ono, kenaka lole yochokera ku Lilongwe.

Ndinapirira masiku asanu. Loweruka, ndikukwera kamtunda ka kutchalitchi, mpweya unandithera, m'chifuwa munabaya. Sindinaope. Ndinakhala pansi n'kumayang'ana fumbi mpaka amayi awiri anandinyamula.

Kuchipatala cha mishoni adokotala anafinya katumba uja n'kufunsa za ulendo wonse. Ndinawafotokozera. Anati, "Magazi aundana mumtsempha chifukwa chokhalitsa. Kachidutswa kafika kale kumapapo. Kakanakhala kakakulu sitikanalankhulana."

Namwino, mtsikana amene ndinamuphunzitsa kulemba, sanaugwire mtima. "Aphunzitsi, inuyo kuopa miyendo ya mzungu mpaka kufuna kutaya wanu? Bwenzi mutangoti zikomo, akanapinda."



Ndinagona milungu isanu, mwendo uli pamwamba pa mapilo awiri, ataukulunga bandeji. Kuusisita analetsa. M'mawa uliwonse ankaupima ndi tepi ya telala, kundibaya jekeseni, n'kulemba pa khadi. Kuimirira kunali koletsedwa, ndipo chinthu chimene ndinachita nacho manyazi m'ndege ndinkachichita pa bedi, namwino atandigwirira chiwiya. Masiku ankafanana. Alendo ankabwera kudzafunsa za ku Ulaya, ine n'kumawauza kuti kumazizira.

Sabata yachisanu ndi chimodzi ndinayenda kuchokera pa bedi kufika pakhomo. Mwezi wotsatira ndinabwerera m'kalasi ndi ndodo.

Lero ndimayenda popanda ndodo, ngakhale mwendowo umatupabe nyengo yotentha ndipo ndimavala sokosi yothina. Amayi amene mudzayende ulendo wautali, imwani madzi, pemphani njira, imirirani. Mwendo umodzi ukatupa ndi kutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ine ndinadikira masiku asanu, ndipo adokotala ananena kuti lachisanu ndi chimodzi sindikanaliona.